Amayi Analira Bambo Ali Moyo

"Nanga tikafa, adzatidzutsa ndani?"

Anafunsa ndi bambo anga, a Eleuterio, atakweza dzanja ngati mwana wasukulu, wigi ya tsitsi lalitali itapendekera kukhutu limodzi. Anafunsa m'Chiguarani, ndipo womasulira ndinali ine. Sindinamasulire. Ena mwa anthu athu anaseka, ena anayang'ana pansi, ndipo a Leandro, mkulu wa filimuyo, anali atatembenuka kale, akukangana ndi wogwira kamera za kumene kwaloza dzuwa.

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi tikujambula pa mabwinja a mishoni yakale, makoma a miyala yofiira aja amene alendo amakonda kuimapo n'kujambulitsa. Nkhani ya filimuyo inali ya zaka pafupifupi mazana atatu zapitazo, pamene mafumu a ku Spain ndi ku Portugal anagawana dziko lino papepala, n'kutumiza asilikali kudzachotsa Aguarani amene ankakhala ndi ansembe m'mamishoni. Kumudzi kwathu anatengako anthu makumi anayi ndi atatu. Ntchito yawo inali kuimba m'tchalitchi, kunyamula mtanda, kuthawa ndi kufa.

Yanga papepala inalembedwa kuti "mlangizi wa za chikhalidwe". Ndinali nditangomaliza digiri ya mbiri yakale mumzinda wa Posadas, woyamba m'mudzi mwathu, ndipo malangizo ndinali nawo ambiri. Sabata yoyamba ndinapereka atatu. Ndinawauza kuti anthu a m'mamishoni ankavala malaya a thonje ofika m'mawondo, osati tinsalu ta m'chiuno. Anati malaya saoneka bwino pa kamera. Ndinawauza kuti ife Aguarani a mtundu wa Mbya ndife zidzukulu za amene anakana kulowa mishoni n'kuthawira kunkhalango. Anati nkhope ndi zomwezo. Langizo lachitatu ndaliiwala, mwina linali la mawigi. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inangokhala ya "imani apa", "thamangani", "musayang'ane kamera".

Wansembe wa mufilimu anali wosewera wochokera ku Madrid, munthu waulemu ndithu, wopereka moni kwa aliyense, amene ankayenda ndi mayi womugwirira ambulera. Imfa yake inadzaza masamba anayi a buku la filimu. Yathu inali mzere umodzi: "Aguarani akugwa mochuluka."

Tsiku loyamba lenileni bambo anandipempha kuti ndiwayendetse m'tchalitchi chopanda denga cha pamabwinjapo. Pansi pali miyala yolembedwa mayina a ansembe amene anaikidwa mmenemo, ndipo poti bambo sawerenga kwenikweni, ndinawawerengera limodzilimodzi.

"Nanga athu ali kuti?"

Ndinaloza bwalo la udzu kuseri kwa khoma, pamene a filimu anaimikapo malole awo ndi zimbudzi zonyamula.

"Pansi pa malolewo?"

"Ee. Alipo zikwi. Koma sanalembedwe."

Anayang'ana malolewo. Kungoti kuyambira tsiku limenelo sankadya nkhomaliro pamthunzi wa malole monga anzawo. Ankatenga mbale yawo n'kukakhala padzuwa, atatsamira khoma.

Tsiku la funso lija linali la mitembo. Nkhondo inali itajambulidwa dzulo lake. Chotsala chinali choti amuna agone pabwalo kutsogolo kwa tchalitchi, akazi atuluke m'tchire n'kumayenda pakati pawo akulira. Amunawo anawapaka phulusa kumaso ndi manyuchi ofiira pachifuwa, ndipo nyerere zinamva fungo la shuga pasanathe mphindi khumi.

"Iwe Fermín, mtembo sudzikanda!" anakuwa mayi wina.

"Mtembo uno zikuuluma, mayi," anatero malume anga a Fermín, mimba itatukuka ngati chulu. "Alamu, inu sizikukulumani?"

"Ine ndafa kale, usandiyankhulitse," anatero bambo osatsegula maso.

Anajambula kanayi. Kanayi konse akazi ankayamba bwino, manja ali kumutu, mpaka atafika pa malume. Pamenepo wina ankaphulika kuseka, enawo n'kutsatira. Kachisanu malume anayetsemula. A Leandro anavula chipewa, n'kuchiponya pansi, n'kuchitolanso.

"Griselda, tabwera." Anandikokera pambali. "Ukuona zimene ndikuonazi? Akulira ngati anthu amene anaonera kulira pa wailesi yakanema. Kwanu kulibe kaliridwe kanukanu? Ka maliro enieni?"

Kalipo. Ndinkakadziwa bwino, chifukwa ndinakalemba masamba khumi ndi awiri pa mayeso omaliza, aphunzitsi n'kundiyamikira. Aliyense wa ife ali ndi mayina awiri. Lina ndi la pachitupa, la kusukulu ndi kuchipatala, monga Griselda kapena Eleuterio. Linalo ndi dzina lenileni, limene wotsogolera mapemphero amalimva mu utsi wa kaliwo mwana akayamba kuima, pa nyengo ya chimanga chatsopano. Limenelo ndilo limamuimiritsa munthu. Sitilitchula pamsewu, sitiuza alendo. Munthu akamwalira, mkazi wa pafupi naye amagwada, n'kuliitana mokweza, n'kufotokoza moyo wa malemuyo, kenako n'kuliuza dzinalo kuti libwerere kumene linachokera. Kulira kwathu ndi kumeneko. Kwina kwa masewera kulibe.

Chomalizachi sindinachilembe m'masamba khumi ndi awiri aja. Komanso panali patatha masiku asanu ndi anayi popanda wondifunsa chilichonse chimene ndinaphunzira.

"Kalipo," ndinatero.

"Ndi kamene ndikufuna. Kawauze."

Ndinapita kwa akazi aja. "Akuti mulire monga timalirira kumudzi."

Kuseka kunatha nthawi yomweyo.

"Kwagwa maliro?" anafunsa mmodzi.

"Ayi, n'zongoyerekeza. Kamvekedwe kokha. Musatchule munthu."

"Nanga kulira kopanda munthu kumayambira pati, mwana iwe?"

Wina anakhala pansi n'kuyamba kuzula kaminga kuphazi. Ena anabwerera kumthunzi. Kumbuyo kwanga anthu makumi asanu a makamera, nyale ndi zingwe ankandiyang'ana, a Leandro akuyang'ana wotchi.

Amayi anga, a Saturnina, anayang'ana azunguwo, kenako ine. Ndi amayi amene analuka madengu zaka zisanu kuti ine ndikhale ku Posadas.

"Mwana wanga asachite manyazi pamaso pa mabwana ake," anatero motsitsa, osauza aliyense. "Ndingong'ung'udza pang'ono basi. Ndikagwade pa ndani?"

"Pa aliyense, Amayi."

"Pa mwamuna wa mwini? Mutu wako ukuyenda bwino?"

Anapita kukagwada pa bambo.

Anayamba monga ananenera, kung'ung'udza atatseka pakamwa, thupi likugwedezeka pang'onopang'ono. Kamera inasendera pa kanjanji kake. Bambo anali atagona chagada, kukamwa kuli yasa pang'ono, phulusa litawatuwitsa, ndipo ntchentche inatera pa mlomo wawo. Bambo anga ndi munthu womvera malangizo. Anauzidwa kuti asasunthe, ndipo sanasunthe. Ntchentcheyo inayenda kuchoka pamlomo mpaka m'mphepete mwa diso. Amayi anaiingitsa ndi dzanja. Inabweranso. Ndinaona msana wa amayi ukuuma.

Ndiye anaitana dzina lija.

Sindililemba pano. Ine ndemwe ndinali nditalimvapo kamodzi kokha chibadwire. Linadzaza bwalo lonse, n'kugunda khoma la tchalitchi n'kubwerera, ndipo pamwamba pa mutu wa amayi panali maikolofoni yaubweya ya a filimu, italendewera pa ndodo yake yaitali.

"Unabwera kwathu ndi nkhwangwa yobwereka," ankatero amayi, mawu akukwera n'kutsika. "Nyumba yoyamba imene unamanga inagwa ndi mphepo, tinaseka awiri tili pamvula. Unabereka kumsana mwana wathu woyamba tsiku lonse kupita naye kuchipatala, unabwera naye atazizira, ndipo unakalirira kumunda kuti ine ndisaone. Zaka zonsezi umati uchi suukonda. Ndinkadziwa, bambo wa ana anga, ndinkadziwa kuti ukundisiyira ine."

Ndinafuna kukuwa kuti asiye. Mawu oletsera kamera ndi amodzi, aafupi, ndinkawamva kakhumi patsiku. Koma amanena ndi mkulu wa filimu yekha. Ndinangoima, buku la filimu nditalikumbatira pachifuwa.

Mitembo inayamba kudzuka. Anayamba ndi malume a Fermín, amene anakwawa chafutambuyo, osachotsa maso pa mlongo wawo. Mmodzimmodzi amuna onse anadzuka n'kukaima patali, mawigi ali m'manja, mpaka pabwalo panatsala anthu awiri okha. Wina wa a filimu anafuna kuwabweza, koma a Leandro anamuletsa ndi dzanja. Kamera inali pafupi, enawo sankaonekamo.

"Tsopano pita," anatero amayi, n'kulitchulanso. "Njira ukuidziwa. Usatembenuke, usatiyang'ane. Kuno sikulinso kwanu."

Atatha, anakhala ngati munthu amene wadzuka m'nyumba yachilendo. Anayang'ana bambo, n'kuyang'ana manja awo, kenako n'kudzigwira pakamwa.

"Dulani!" anakuwa a Leandro.

Azungu onse anaomba m'manja. Ena ankapukuta misozi. Wansembe wa ku Madrid anabwera, ambulera ikumutsatira, n'kupsompsona dzanja la amayi.

Bambo sanadzuke. Anali atatsegula maso, akuyang'ana kumwamba. Palibe wa kwathu amene anayandikira. Ndinapita ndine.

"Bambo, amaliza. Dzukani."

"Ukuyankhula ndi ndani?"

Sananene mwaukali. Ankafunsadi.

Pobwerera m'lole chikho cha terere, tiyi wozizira amene timamwera limodzi, chinkazungulira monga mwa masiku onse, koma chikafika pa bambo chinkadumpha. Palibe amene anapangana. Dzanja linkangopitirira lokha. Anthu makumi anayi tinapanikizana mbali imodzi, bambo n'kukhala okha pa tayala lapadera ngati abwana. Malume anayesa nthabwala, "Alamu, malo onsewo nokha?" koma sanayesenso.

Kunyumba bambo sanalowe m'nyumba. Anakoka kampando n'kukhala pansi pa mtengo wa malalanje, manyuchi ofiira aja ataumira pachifuwa. Amayi anaphika chinangwa, koma analephera kufika nacho pamene iwo anali. Anaika mbale pa mwala chapatali n'kubwerera msanga. Zinadya ndi nkhuku. M'mawa mwake chimodzimodzi.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba atayang'ana khoma.

"Ndawapha ndine."

"Amayi, ndi filimu chabe. Bambo ali bwinobwino, akupuma, akuyankhula."

"Ndiwe wophunzira. Kawauze adye."

Ndinakawauza. Ndinawanyamulira mbale mpaka pamiyendo. Anaiyang'ana mwaulemu, monga amayang'anira chakudya cha mlendo.

"Si kuti ndikukana, mwanangu. Njala kulibe. Ndikungomva kupepuka, ngati dengu lopanda kanthu."

Zaka zisanu ndinaphunzira kuyamba ziganizo ndi mawu akuti "anthuwa amakhulupirira kuti". Tsopano ndinkaona munthu amene amanyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi akuchepa pakampando, ndipo mawu aja ndinasowa powaika.

Wotsogolera mapemphero kwathu ndi mayi Eusebia, amene masana amagulitsa anyalugwe osema kumsewu waukulu, foni ili m'bulauzi. Ndinawapeza komweko akuwotcha mawanga pa kanyalugwe ndi waya wamoto.

"Ndamva," anatero ndisanakhale pansi. "Wophunzira wathu uja."

Ndinakhala pansi. Anamaliza mchira kaye.

"Dzina latsopano ndikhoza kumupemphera. Si zachilendo, odwala kwambiri timawasintha dzina kuti imfa isokere. Koma lakalelo liyenera kukhala chete. Tsono ndikumva kuti azungu ako alitsekera m'bokosi."

"Lili mu kompyuta."

"Adzalionetsa kangati?"

"Sindikudziwa. M'mizinda yambiri. Mwina kwa zaka zambiri."

"Ndiye kuti tsiku lililonse, kwinakwake, mayi ako adzakhala akumuuza kuti pita, usatembenuke. Dzina latsopano lingakhazikike bwanji pa munthu wothamangitsidwa kasanu patsiku?" Galimoto inaima, anamwetulira alendo, iwo n'kupitirira osagula. "Kalifufutitse. Ukatero ubwere naye. Koma usachedwe, bambo ako si wamafuta ngati Fermín."

Tsiku lachiwiri ndinakwera basi kupita kutawuni, kuhotela imene a filimu ankagona. Anthu athu sankafunika sabata imeneyo mpaka Lachisanu, chifukwa ankajambula nthumwi za mafumu zikuyang'ana mapu m'chipinda. A Leandro ndinawapeza pamaso pa makompyuta awiri, makatani atatsekedwa. Anandilandira ngati m'bale.

"Wabwera bwino. Khala apa, uone mphatso imene amayi ako atipatsa."

Anadina batani. Panaoneka wansembe wa ku Madrid atagona kutsogolo kwa tchalitchi, mtanda uli m'manja, kuwala kwa dzuwa kukumugwera bwino pamphumi. Ndipo pamwamba pake panamveka mawu a amayi anga akuitana dzina la bambo anga. Kenako nkhope ya amayi, atawerama, misozi ikugwa. Kenako wansembeyo kachiwiri. Anali atazilumikiza mwaluso moti aliyense akanalumbira kuti amayi agwada pa iyeyo. Ankamuuza za nkhwangwa yobwereka. Ankamuuza za uchi. Bambo sanaonekemo ngakhale chala.

Ndinapezeka nditakhala pabedi. Sindikukumbuka kuti ndinafikapo bwanji.

"Mawu ake udzatimasulire, tidzalembe pansi," ankatero a Leandro. "Kapena osamasulira n'komwe. Aliyense akumva."

"Amenewo akulira bambo anga."

"Ndikudziwa, ndipo n'chifukwa chake zikugwira mtima. Koma owonera akhala ndi wansembeyu maola awiri, Griselda. Bambo ako sakuwadziwa."

Ananena mofatsa, monga munthu wofotokoza kuti mvula imagwa kuchokera kumwamba. Ndinawauza zonse. Masamba khumi ndi awiri aja, ndi chimene sindinalembemo, chikho chodumpha, mbale ya pamwala, mawu a mayi Eusebia. Kunena zoona anamvetsera. Anazimitsa kompyuta imodzi kuti andiyang'ane bwino.

"Iweyo ukukhulupirira zimenezi? Ndi digiri yako?"

"Bambo anga sanadye masiku awiri."

Anadzipukuta kumaso ndi manja onse. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikulimbana ndi filimuyi, kuti dziko lione zimene anakuchitani. Mphindi zitatu zimenezi ndi zokhazo zimene sindinapeke. Ukundiuza kuti ndizitaye?"

"Lachisanu mukufuna anthu makumi anayi ndi atatu oimba tchalitchi chikuyaka. Sindikukuopsezani, bwana. Ndikungokuuzani kuti palibe amene akwere lole ija."

Panja wina ankakoka mpando pa simenti.

"Ndibwera mawa m'mawa," anatero. "Ndikamve kwa eni ake. Akanena okha, ndifufuta pamaso pawo, ndi zonse zimene tinasunga padera."

Anabweradi. Anafika dzuwa litangokwera, nsapato zitafiira ndi matope, kompyuta ili kukhwapa, m'dzanja lina muli jumbo ya buledi imene anasowa womupatsa. Anthu anasonkhana, koma chapatali, m'mphepete mwa munda wa chinangwa. Mayi Eusebia anali atabwera ndi kaliwo wawo, sanapite kumsewu tsiku limenelo. Amayi anaima pakona ya nyumba.

Bambo anali pamalo pomwe paja, tsiku lachitatu. Maso anali atalowa m'kati, ndipo khosi linkaoneka lalitali. A Leandro ananjuta patsogolo pawo n'kupepesa. Anapepesa bwino, mosadzitchinjiriza, ndipo ndinamasulira liwu ndi liwu. Kenako anatsegula kompyuta, n'kuwaonetsa batani.

"Akuti mukangonena, adina apa, zonse zitha," ndinatero. "Mayi Eusebia akupemphererani dzina lina lero lomwe. Nenani, Bambo."

"Ndione kaye."

"Eleuterio, ufuna ulimve kachiwiri?" anatero mayi Eusebia. "Kamodzi sikanakukwane?"

"Azimitse mawuwo. Ndingoona."

A Leandro anazimitsa mawu, ndipo mwina chifukwa cha mantha anatsegula chimene chinali pamwamba. Panaoneka wansembe. Bambo anasendera pafupi, n'kutsinzinira.

"Uyu si ine."

"Ayi, Bambo."

"Nanga mayi ako akulira ndani pamenepa?"

Ndinawafotokozera. Ndinayankhula motsitsa, koma kunali zii moti ngakhale a kumunda wa chinangwa anamva.

"Alamu, akuberani maliro!" anakuwa malume a Fermín.

Palibe anaseka. Amayi anatulutsa kamawu kakang'ono ngati munthu amene waponda munga. A Leandro anandifunsa kuti akuti chiyani, ndipo nthawi ino ndinamasulira. Makutu awo anafiira.

"Andionetse pamene pali ine," anatero bambo.

Anafufuza n'kupeza chimene kamera inajambula tsiku lija, chosadulidwa. Bambo anadziona atagona chagada, otuwa, amayi akugwedezeka pambali pawo popanda mawu. Ntchentche inatera. Inayenda.

"Sindinasunthe," anatero, ndipo m'mawu awo ndinamva kunyada pang'ono.

"Simunasunthe, Bambo."

Kenako anaika chala pakona ya chithunzicho, pamwamba pa khoma lofiira, pamene pankaoneka kanthu koyera.

"Ichi n'chiyani?"

"Denga la lole. Malole ali kuseri kwa khoma paja, pamene anaikidwa athu. Adzalichotsa, nthawi imeneyo kunalibe malole."

Chala chinakhala pomwepo. Chithunzi chinkapitirira, amayi akutsegula pakamwa n'kutseka, koma bambo sankayang'ananso nkhope yawo kapena ya amayi. Ankayang'ana pakonapo. Chitatha, anachotsa chala n'kuchipukuta pa bondo.

"Ayambirenso. Akweze mawu."

"Bambo!"

"Uwauze."

Ndinawauza. A Leandro anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mayi Eusebia, amene anachotsa kaliwo pakamwa. Anadina. Dzina lija linatuluka m'kakompyutako, laling'ono ndi lakuthwa, pansi pa mtengo wathu wa malalanje. Kumunda wa chinangwa anthu anatseka makutu, ena anatembenuka. Amayi sanathawe. Anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, ndipo milomo yawo inkatsatira mawu awo omwe. Bambo anamvetsera zonse, nkhwangwa, nyumba yogwa, mwana, uchi, mpaka pa "usatembenuke". Pa uchi paja anayang'ana amayi kamodzi.

Chala cha a Leandro chinali chitabwerera pa batani lofufutira, chikudikira.

"Uwauze achotsepo wansembeyo," anatero bambo. "Pakhale ine, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Bambo, mayi Eusebia anati likamamveka..."

"Ndikudziwa."

"Eleuterio," anatero mayi Eusebia, "ukudziwa kuti sindingakupemphere lina ilo likuitanidwa?"

Bambo sanawayang'ane. Ankayang'ana ine.

"Akuti bwanji?" anafunsa a Leandro. "Ndifufute?"

"Griselda, unene monga ndanenera, usakonze," anatero bambo. "Dzinalo lisafufutidwe."